Nsima ya pa Likoma ilibe mlandu, mlandu uli m'madzi



Patsamba lino tinazolowera kuwerenga za sikelo ya ana, katemera, uchembere wabwino ndi ukhondo wa pakhomo. Lero ndikufuna tikambirane za ulendo wa tchuthi. Ndikudziwa ena muyamba kale kuseka kuti, "Mnyamatayu watani? Tchuthi ndi cha azungu ndi mabwana a kumigodi, ife chathu ndi khasu." Dekhani pang'ono, paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo m'nkhani yangayi nkhonoyo ilimo ndithu.

Ndikulemba chifukwa cha zimene zinagwa pabanja pathu. Ulendo umodzi wokacheza pachilumba unatsala pang'ono kupasula ubale wa anthu obadwa bere limodzi, ndiponso unatsala pang'ono kuchedwetsa mwana kulandira mankhwala. Maganizo anga ndi awa: kuyenda ndi ana n'kwabwino, chakudya cha eni dera n'chabwino, koma kuyenda osadziwa kumene matenda amabisala ndiko kumatibweretsera misozi ndi kulozana zala.

Mmene tinayendera

Malume anga amagwira ntchito ku Moatize, ndipo anakwatira mayi wa pachilumba cha Likoma, m'nyanja ya Malawi, imene kuno timaitchulanso kuti Niassa. Kwa zaka zambiri azakhaliwo ankadandaula kuti palibe wa kuchimuna amene anapondako kwawo. Mu Disembala 2023 malume anati basi, chaka chino tipita. Anatenga akazi awo, ana awo awiri, ine, ndi mng'ono wanga amene panthawiyo anali ndi zaka 11.

Tinadutsa pachipata cha Zóbuè m'mawa, n'kulowa Mwanza. Kuchoka apo tinadzera pa Zalewa, Balaka, Salima, Nkhotakota mpaka Nkhata Bay, kusintha galimoto kangapo ndi kugona panjira. Ku Nkhata Bay ndiko tinakwera sitima. Ambiri mwamvapo za Ilala, sitima yakale imene inapangidwa ku Scotland n'kuyamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Mng'ono wanga, amene madzi aakulu omwe ankawadziwa ndi a Revúbuè ndi a Zambezi pamlatho wa ku Tete, anakhala chete kwa ola lathunthu akungoyang'ana. Kenako anandifunsa kuti, "Achimwene, tsidya lake lili kuti?"

Likoma ndi chilumba chaching'ono, cha masikweya kilomita 18 kukula kwake konse. Pamodzi ndi chinzake cha Chizumulu, pa kalembera wa ku Malawi wa 2018 panapezeka anthu oposa 14,000. Chodabwitsa n'chakuti zilumba ziwirizi ndi za Malawi, koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique. Ukaima pagombe la kum'mawa umaona bwinobwino mapiri a ku Cóbuè, m'boma la Lago, chigawo cha Niassa. Anthu a kumeneko ali ngati ife a ku Zóbuè: malire ali pakhomo, achibale ali mbali zonse ziwiri, ndipo chiyankhulo ndi Chinyanja chomwechi, kungosiyana katchulidwe ndi mawu ena. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, monga mmene makolo athu anathawira ku Mwanza, anthu a m'mbali mwa nyanja ku Niassa nawo anawolokera pa Likoma. Titafika sanatione ngati alendo ochokera kutali.

Zimene tinadya

Tsiku loyamba apongozi a malume anatiikira nsima ya kondowole ndi usipa wauwisi wophika ndi tomato, pambali chigwada chotendera. Ndinene zoona, fungo la nsimayo linandibweza kaye. Ndi yonanda, imakakamira m'manja, ndipo kuitema kumafuna luso. Ana a malume ankatiseka. Pofika tsiku lachitatu, mng'ono wanga ndiye ankayamba kusamba m'manja.

Pa Likoma nthaka ndi ya miyala ndi mchenga, chimanga sichichita bwino ngati kuno kwathu kapena ku Angónia, choncho chinangwa ndicho chakudya chodalirika. Ndinakhala pansi ndi amayi a pakhomopo kuona mmene amachikonzera. Amachisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku atatu kapena kuposerapo mpaka chifewe, kenako amachiyanika padzuwa chiume gwa, ndiye n'kusinja. Fungo lija limachokera pa kuviikako, ndipo kuviikako ndiko kumachotsa poizoni amene amakhala m'chinangwa chowawa. Anthu akafulumira chifukwa cha njala n'kudya chinangwa chowawa chosaviika mokwanira, zotsatira zake zimakhala zoopsa. Mu 1981, pa nthawi ya chilala m'chigawo cha Nampula, anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, anapuwala miyendo ndi matenda amene kumeneko anawatcha mantakassa, ndipo madokotala amawatcha konzo. Amene wapuwala nawo sachira. Ndiye mukamva fungo la kondowole musanyinyirike, limenelo ndi umboni wakuti mayi wa pakhomopo ntchito yake amaidziwa.

Kondowole payekha amakhutitsa koma alibe zomanga thupi zokwanira. Chimene chimakwaniritsa mbale ya pa Likoma ndi nsomba. Usipa ndi utaka amadya zathunthu, mutu ndi minga yomwe, ndipo m'menemo ndi mmene muli zolimbitsa mafupa ndi mano a ana. Chigwada chimawonjezera magazi ndi mavitamini. Mu Disembala mango amakhala mbwee, ana amangotola. Tinalawanso nkhungu, tizilombo ting'onoting'ono touluka timene timatuluka m'nyanja ngati utsi. Amatikola ndi malichero, n'kutiumba timitanda, n'kuphika ngati ndiwo. Mng'ono wanga anakana poyamba, koma agogo a pakhomopo anamufunsa kuti, "Mdzukulu wanga, kwanu ngumbi ndi mbewa simudya?" Anasowa poyankha, anadya.

Madzulo ena tinakaonera malipenga, gule wa amuna ovala zoyera ngati asilikali, oyenda mwandawala ndi kuliza zipanda. Amayi nawo anavina chioda. Iwo anatifunsa za Gule Wamkulu, ndipo ndinawauza monyadira kuti mu 2005 bungwe la UNESCO linauzindikira ngati chuma cha anthu onse, m'dzina la mayiko atatu: Malawi, Mozambique ndi Zambia. Tinakhala masiku khumi. Ana ankalowa m'madzi kadzutsa akangotha, kutuluka dzuwa litapendeka. Palibe mmodzi wa ife akuluakulu amene anaganizapo kanthu.

Magazi mumkodzo, mlandu pakhomo

Chakumayambiriro kwa Malichi 2024, mng'ono wanga anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundinong'oneza kuti akamakodza, kumapeto kwake kumatuluka magazi, ndipo amamva kuwotcha. Anali atabisa kwa sabata ziwiri chifukwa cha manyazi.

Nkhani itafika kwa akuluakulu, inagawika patatu. Bambo wina wachikulire woyandikana nafe anaseka n'kunena kuti, "Musiyeni, mnyamata wakula ameneyo. Tonsefe tinadutsamo." Agogo anati tipite kwa sing'anga. Koma mayi anga ndiwo anayankhula mawu olemera. Malume atabwera Loweruka, anawauza pamaso kuti, "Achimwene, mwana wanga anachoka pano ali bwinobwino. Alamu angawa akamudyetsa chiyani kwawoko? Nsima yonunkha ija ndi tizilombo tija, mumati n'chakudya cha anthu?"

Malume anangoti, "Achemwali, mawu amenewo ndi aakulu," n'kukwera njinga yawo yamoto. Azakhali atamva analira, ndipo kwa mwezi wathunthu mabanja awiriwa sanapatsane moni ngakhale pafoni.

Ine ndinali nditangoyamba kumene kuthandiza pa pologalamu ya zaumoyo pawailesi, ndipo ndinali nditamvapo alangizi akufotokoza za likodzo. Sindinafune kukangana ndi mayi. Ndinangowapempha kuti, "Amayi, ndiloleni ndipite naye kuchipatala kaye. Zikakanika kumeneko, mudzanene zimene mukunenazo." Analola monyinyirika.

Kuchipatala anamuyeza mkodzo, ndipo anapezamo mazira a tizilombo ta likodzo. Anamwino anafunsa kumene mwanayo amasamba. Ndinati anasambira m'nyanja mu Disembala. Iwo anafunsanso kuti, "Nanga kunyumba?" Mng'ono wanga anayankha yekha kuti akaweruka kusukulu amapita ndi anzake kudambo kukawedza ndi kusambira. Anamwinowo anati, "Ndiye bweretsani anzakewo." Mwa anyamata anayi amene makolo awo analola, awiri anapezeka nalo likodzo, chonsecho sanapondeko pa Likoma, ngakhale nyanja sanaionepo.

Likodzo limalowa bwanji?

Apa ndipo ndikufuna tonse timvetsetse, chifukwa kusadziwa kumeneku ndiko kunayambanitsa abale anga.

Likodzo silibwera ndi chakudya. Simungalitenge m'nsima, m'nsomba, m'chigwada kapena m'nkhungu. Silichokera kwa mfiti, ndiponso si chizindikiro chakuti mnyamata wakula. Limayamba ndi tinyongolotsi timene timakhala m'mitsempha ya magazi. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anatiwona koyamba mu 1851 ku Cairo, m'dziko la Egypt, n'chifukwa chake m'zipatala mumamva akuti bilharziose.

Ulendo wake umayenda chonchi. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi kapena pafupi ndi madzi, mazira amalowa m'madzimo n'kuswa. Tizilombo totulukamo timakalowa mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi, zimene zimakonda malo odekha, a bango ndi udzu. M'nkhonomo timachulukana, kenako timatuluka tambirimbiri, makamaka masana dzuwa likatentha, nthawi yomweyo imene ana amakonda kusambira. Maso sangatione. Timaboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa, kuwedza kapena kuwoloka. Tikalowa timakula, ndipo pakapita miyezi iwiri kapena itatu timayamba kuikira mazira m'chikhodzodzo. Mazirawo ndi amene amabaya chikhodzodzo n'kutulutsa magazi. Palinso mtundu wina umene umagwira matumbo ndi chiwindi, munthu n'kumatsegula m'mimba mwa magazi kapena kutupa mimba.

Mwana wa likodzo amachepa magazi, amatopa msanga, sakula bwino ndipo m'kalasi amangosinza. Likakhalitsa zaka osachizidwa limawononga chikhodzodzo ndi impso, mwinanso kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Kwa atsikana ndi amayi limatha kuchita zilonda m'njira ya chiberekero, kubweretsa ululu ndi kutaya magazi, kulepheretsa kubereka, ndiponso kutsegulira khomo kachilombo ka HIV. Amayi ambiri anenedwapo zachiwerewere kapena kusiyidwa ukwati chifukwa cha matenda amene anawatenga pochapa kumtsinje. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2021 anthu oposa 250 miliyoni ankafunika mankhwala a likodzo, ndipo mwa khumi alionse, asanu ndi anayi anali a muno mu Africa.

Mankhwala ake alipo, dzina lake praziquantel. Ndi mapiritsi omwe aja amene nthawi zina amagawidwa m'sukulu, ana atayezedwa msinkhu pa ndodo. Amamwa kamodzi, kuchuluka kwake malinga ndi thupi la munthu, ndipo ayenera kumwedwa munthu atadya. Ena amamva chizungulire kapena kupotokola m'mimba kwa maola ochepa, kenako zimatha. Mng'ono wanga anamwa, ndipo patapita sabata zochepa mkodzo unayera. Chofunika kudziwa n'chakuti mankhwalawa amapha nyongolotsi zikuluzikulu, tating'ono tongolowa kumene satipha bwino. Choncho kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'nyanja sikuthandiza kwenikweni. Dikirani pafupifupi miyezi iwiri, ndiye mupite kuchipatala mukafotokoze kumene munasamba, ngakhale musanaone magazi. Dziwaninso kuti wochira akabwerera m'madzi omwewo amalitenganso.

Phunziro la pa Chipyela

Pa Likoma pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's, cha mpingo wa Anglican, chimene anayamba kumanga mu 1903. Amishoni a UMCA anakhazikika pachilumbachi m'zaka za m'ma 1880, ndipo kukhalapo kwawo ndiko kunachititsa kuti chikhale m'manja mwa Angelezi pamene gombe loyandikana nalo linapita kwa Apwitikizi. Malo amene panamangidwa tchalitchicho amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti.

Pamene tinkaona malowa ndinangoti ndi mbiri yakale. Koma mayi anga atanena mawu aja, Chipyela chinandibwerera m'mutu. Kodi mwa anthu amene anapsa pamenepo, ndi angati amene anafera malungo a mwana wa mnzawo, kapena likodzo, kapena kutsegula m'mimba? Lero sitisonkha moto, koma pakamwa pathu pamawotchabe. Ndipo kawirikawiri amene amapsa ndi mkazi wobwera, wochokera dera lina, wophika mosiyana ndi ife. Kuno kumalire, kumene mabanja athu ndi osakanikirana, a Chichewa, Chinyungwe, Chingoni, Chisena, a mbali ino ndi a mbali iyo, khalidwe limeneli lingatimalize. Choipa china n'chakuti nthawi imene tikutha posaka wolodza, matenda amakhala akudya mwana.

Nditabwera ndi chikalata cha kuchipatala, ndi nkhani ya anyamata awiri aja, mayi anakhala chete tsiku lonse. Agogo ndiwo anaitanitsa mabanja onse awiri. Mayi anagwira nkhuku, n'kunena pamaso pa onse kuti, "Alamu, ndinalakwa, pakamwa pananditsogolera. Mundikhululukire." Azakhali analandira. Koma ndikuuzeni, ngakhale anakhululuka, panatenga miyezi kuti ayambenso kuseka momasuka pakhomo pathu. Madzi akatayika sawoleka.

Kodi ndiye tileke kuyenda?

Ena atamva nkhaniyi anati, "Mwaona, mukanakhala pakhomo zonsezi sizikanachitika." Sindikuvomereza. Anyamata awiri aja anakhala pakhomo, likodzo linawapeza pomwepo. Nkhono za m'dambo lathu ndi za m'nyanja ntchito yake ndi imodzi, ndipo sizifunsa chiphaso pachipata. Malungo ndi kolera nazonso zili konsekonse.

Ndiponso mwana amapindula akayenda. Mng'ono wanga ankadana ndi phunziro la Geografia, koma lero amajambula mapu a nyanja osaonera, ndipo amadziwa kuti Niassa si dzina la m'buku chabe. Anaphunzira kudya chimene wapatsidwa ndi kuthokoza. Anadziwana ndi abale amene akanangowamvera mbiri. Zimenezi sizigulidwa pamsika.

Koma pali mfundo ina imene otsutsawo akunena zoona, ndipo ndiyenera kuivomera. Disembala ndi mwezi woipa kuyenda kwa mlimi. Ndi nthawi yopalira ndi kuthira feteleza, nkhokwe zayamba kupepuka, ndipo Januwale akubwera ndi zofuna za sukulu: kulembetsa, yunifolomu, makope. Bambo amene wagulitsa thumba la feteleza kapena kutenga katapira kuti banja likajambulitse pagombe, wagula chisangalalo cha sabata imodzi ndi njala ya chaka. Kunyentchera kwa ana kumene timakuona kusikelo mu Febuluwale nthawi zina kumayambira pa zosankha za mu Disembala. Komanso dzinja ndiyo nyengo ya udzudzu ndi kolera. Tisaiwale kuti mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unagwira anthu oposa 58,000 ku Malawi n'kupha oposa 1,700, ndipo madera a m'mbali mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Kuno ku Mozambique unayambira m'boma la Lago mu Sepitembala 2022, moyang'anizana ndi Likoma pomwepo.

Langizo langa ndi lakuti, ngati n'kotheka, yendani mutakolola, pa tchuthi chachifupi cha pakati pa chaka, ndi ndalama zimene mwasunga pang'onopang'ono, osati zangongole. Kumbukirani kokha kuti m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti, panyanja pamawomba mphepo ya mwera imene imautsa mafunde aakulu. Nyanja imeneyi si yoseweretsa. Mu 1895 inamiza Bishopu Chauncy Maples, mmodzi wa amene anayambitsa mishoni ya pa Likoma, bwato lake litagubuduzika ndi namondwe. Eni nyanja akati lero sitiwoloka, musakakamire.

Musananyamuke, onani izi

1. Mapepala. Funsani ku ofesi ya Migração pachipata zimene zikufunika kwa akulu ndi kwa ana, makamaka ngati mwatenga mwana amene si wanu wobereka. Musadzere njira zachidule ndi ana.

2. Mankhwala a tsiku ndi tsiku. Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu, kauzeni achipatala za ulendo wanu kuti mutenge okwanira ndi otsalako. Pachilumba sitima ikhoza kuchedwa masiku angapo. Tengani khadi lanu, la sikelo ya mwana ndi la mayi woyembekezera.

3. Neti yoteteza udzudzu. Nyamulani yanu, musadalire kuti mukaipeza. Mwana akatentha thupi, kaya muli paulendo kaya mwabwerako, akayezedwe malungo tsiku lomwelo.

4. Madzi akumwa. Madzi a m'nyanja amaoneka oyera koma osamwa osawiritsa. Tengani botolo la Certeza, kapena WaterGuard mukawoloka, ndipo tsatirani muyeso wolembedwa pabotolopo.

5. Madzi osamba. Musalole ana kusewera m'madzi odekha, a bango ndi udzu, kapena pamalo pamene anthu ambiri amachapira ndi kutsukira. Madzi otunga m'nyanja kapena kudambo mukawasunga m'ndowa masiku awiri athunthu, tizilombo ta likodzo timafa. Kuwatenthetsa bwino pamoto kumathandizanso. Ndikudziwa kuti kuletsa mwana kulowa m'nyanja n'kovuta. Ngati walowa, lembani tsikulo, ndipo pakatha miyezi iwiri mupite naye kuchipatala.

6. Chimbudzi. Phunzitsani ana kuti asakodzere m'madzi, kaya ndi kwa eni kaya ndi kwathu. Unyolo wa likodzo umadukira pamenepo.

7. Chakudya cha panjira. Pakhomo pa eni idyani chimene aphika, chili chotentha. Chenjerani ndi za m'madepoti: nsomba yokazinga dzulo, saladi, zipatso zosendasenda, madzi ndi mafilizesi a m'mapepala osadziwika kochokera. Sambani m'manja ndi sopo, madzi ochita kuthirirana, osati m'beseni limodzi.

8. Kutsegula m'mimba. Nyamulani mapaketi a ORS. Akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Mwana azimwa pafupipafupi muli panjira yopita kuchipatala. Woyamwa apitirize kuyamwa.

9. Pabwato. Musakwere bwato lodzaza mopitirira, ndipo funsani majekete oyandamitsa, ana ayambe ndiwo kuvala. Bambo amene walawa kachasu kapena mowa wina uliwonse asalowe m'madzi ndiponso asayang'anire ana pagombe.

10. Ulemu. Funsani musanajambule munthu, manda kapena malo opemphereramo. Musaseke chakudya, chiyankhulo kapena kavalidwe ka eni mudzi. Paja amati ukapita kwa eni siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Nanga chilumba chathu cha kunyanja ya mchere?

Amene mthumba mwanu muli mphamvu, dziko lathu lilinso ndi Ilha de Moçambique, m'chigawo cha Nampula, chilumba chimene chinapatsa dziko lino dzina. Chinali likulu mpaka 1898 pamene boma la atsamunda linasamukira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, ndipo mu 1991 UNESCO inachiika m'gulu la malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Amafikako pamlatho wautali makilomita oposa atatu. Kumeneko ana angaone linga la São Sebastião, gule wa amayi wa tufo, ndi mussiro umene amadzola kumaso. Angamvenso mbiri yowawa, pakuti ena mwa akapolo amene anakwezedwa zombo kumeneko anachokera kumtunda kuno, m'madera a Amaravi ndi a m'mbali mwa nyanja.

M'madzi a mchere mulibe likodzo, chifukwa nkhono zake sizikhalamo, koma m'mitsinje ndi m'madambo a panjira lilimo. Zakudya za kumeneko zimachuluka kokonati, nkhanu ndi zina za m'nyanja zimene mimba zathu sizinazolowere. Idyani zopsa bwino, ndipo mwana akatupa milomo, kutuluka zidzolo kapena kubanika atadya, thamangirani kuchipatala. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, choncho valani modzilemekeza. Nyengo ya mvula ndi ya anamondwe: Gombe anawononga gombe la Nampula mu Malichi 2022, ndipo Dikeledi ndi Jude anafikanso mu Januwale ndi Malichi 2025. Mverani zanyengo pawailesi musanamange katundu.

Pempho langa

Kwa makolo: mwana akakodza magazi, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, ameneyo akudwala. Musamuseke, musamukalipire, ndipo musayambe mwafunsa kuti wadya kwa yani. Funsani kumene wasamba, ndipo pitani naye kuchipatala pamodzi ndi anzake amene amasewera nawo. Achipatala akabwera kusukulu ndi mapiritsi a likodzo, mudyetseni mwana phala kapena mbatata m'mawa, n'kumulola amwe. Mphekesera zakuti mapiritsiwa amatseketsa kubereka n'zabodza. Chimene chimawononga njira ya ubereki ndi likodzo lenilenilo.

Kwa mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti: nkhani ya kulodzana ikafika pabwalo panu chifukwa cha mwana wodwala, yambani mwafunsa ngati mwanayo wapita kuchipatala. Funso limodzi limeneli lingapulumutse mwana ndi ukwati womwe.

Kwa anyamata ndi atsikana anzanga: ife amene tinapitako kusukulu tili ndi udindo wofotokozera makolo mofatsa ndi mwaulemu. Ndikanawayankha mayi anga mwachipongwe tsiku lija, sakanandilola kutenga mwanayo.

Pakhomo pathu pano, azakhali akalandira ufa wa kondowole kuchokera kwawo, amatumizako kambale kwa mayi. Mayi amati sanauzolowerebe, koma amaphika, ndipo mng'ono wanga ndiye amamaliza. Tikusunga ndalama pang'onopang'ono kuti tidzapitenso tikakolola, ndipo ulendo umenewo mayi anena okha kuti sadzatsala. Neti, Certeza ndi ndowa yosungira madzi osamba zidzakhala pamwamba pa katundu.

Ngati kwanuko kunachitikapo zofanana ndi zimenezi, kapena muli ndi funso pa likodzo, lemberani kalata ku pologalamu yathu ya zaumoyo kapena siyani uthenga kwa mtsogoleri wa gulu lanu la omvera. Mafunso anu tidzawapereka kwa alangizi a zaumoyo ndipo adzayankhidwa pawailesi, dzina lanu osatchulidwa ngati simufuna. Mukamaliza kuwerenga tsamba lino, muwerengereni mnzanu amene sadziwa kuwerenga. Kupewa kumaposa kuchiza.